Kholowa wa Anangozo

Panali mayi wina amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale m'mbali mwa msewu waukulu. Anali ndi mwana mmodzi, Tawina, wa zaka ziwiri ndi theka. Bambo wa mwanayo anali ku Joni, ndiye m'mawa uliwonse mayiyo akanyamula makope, mwana ankatsala m'manja mwa mayi wina wamasiye, Anangozo.

Anangozo ankachokera kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Ankafika mame asanaume, chitenje chobiriwira chili paphewa. M'chitenje chimenecho ndi mmene Tawina anaberekedwa kuyambira ali ndi miyezi itatu. Dzina lawo linkamulemera lilime, choncho ankangowatchula kuti Ozo. Akagwa ankalira Ozo. Mankhwala owawa akamumwetsa amake ankalavula, akamumwetsa Ozo ankameza.

Pakona pa mpanda, pansi pa mtengo wa papaya, Anangozo anadzala kholowa pang'ono. Mvula italeka, ankamuthirira tsiku ndi tsiku ndi madzi otsala m'beseni losambira mwana, Tawina akuwathandiza ndi kakapu kake kapulasitiki.

Tsiku lina mphunzitsiyo anaseka. "Anangozo, mukudzivutiranji? Nyengo ino mbatata ingabereke?"

"Sibereka, Madamu. Iyi ndi mbewu. Ukaleka kuithirira m'chilimwe poti sikukupatsa kanthu, mvula ikagwa umayenda khomo ndi khomo kupempha."

Teremu yachitatu inatha, tchuthi chachitali chinafika. Mphunzitsi mnzake anamunong'oneza kuti, "Iwe, ukhala pakhomo masabata onsewa. Ulipiriranji munthu woti akungoothera dzuwa kwawo? Ndalama imeneyo ndi simenti."

Mayiyo anali ndi maziko a nyumba amene anaima kalekale, udzu mpaka kumeramo. Anaona ngati mnzakeyo wanena zanzeru. Zoti iye mwini malipiro ake amabwera ngakhale belu la sukulu lili chete, sizinamufike m'mutu.

Anaitana Anangozo. "Pitani mukapume. Holide ino mwana ndikhala naye ndekha, ndiye zolipira tiyambe taimika. Tikamatsegulira ndidzakuitanani."

Anangozo anangoti, "Chabwino, Madamu." Anamutsitsa Tawina kumsana ali m'tulo, kumugoneka pamphasa, napinda chitenje chawo. Sanamudzutse.

M'mawa mwake Tawina anakaima pageti, maso ali kunjira ya kudambo. Mawa lakenso chimodzimodzi. Mzimayi aliyense wovala zobiriwira akadutsa ankamuthamangira, akaona nkhope n'kubwerera.

"Ozo kuti?"

"Abwera, mwanangu."

Phala ankangolitakasa ndi supuni. Amake akamubereka ankadzipotola, chifukwa Ozo ankamanga mfundo yawo mwina. Masana akamawodzera ankapempha nyimbo, ndipo mayiyo anazindikira kuti nyimbo imene mwana wake amagonera sakuidziwa. Ankangodziwa mawu oyambirira, amene ankawamva kumbuyo kwake akutuluka pakhomo. Naye anayamba kumatchera khutu kugeti m'mawa. Anasowa munthu womuuza kuti mwanayu akamagwira khutu ndiye kuti thupi litentha. Anayamba kuwerenga masiku pa kalendala ngati ana asukulu, kungoti iye ankalakalaka tsiku lotsegulira.

Kutatsala masiku atatu, anabereka Tawina nawoloka dambo. Kwa Anangozo anapeza loko pachitseko. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankapeta pakhonde, sanadzuke n'komwe.

"Anangozo? Ali kwa alangizi a ziweto aja, kuseri kwa chigayo. Anayamba ntchito kumeneko kale. Nanga mumati adye chiyani? Chimanga chinawathera mu Julaye."

Anawapeza akuyanika zovala, kumsana kuli khanda la eni ake, m'chitenje chobiriwira chomwe chija. Tawina anaphiriphitha mpaka amake anamutsitsa. Anathamanga nakumbatira miyendo ya Anangozo. Kenaka anayamba kukoka chitenje.

"Changa! Atsike!"

Anangozo anagwada, misozi ikugwera m'tsitsi la mwanayo. "Mayi wanga iwe, watalika bwanji! Koma waonda. Madamu, m'phala mukuthiramo nsinjiro? Lopanda nsinjiro sadya ameneyu."

"Bwererani, Anangozo. Masabata onse aja ndikulipirani. Ndiwonjezeranso."

"Madamu, sabata yoyamba ndinkadzuka m'mawa, miyendo n'kundifikitsa padambo, kenaka n'kukumbuka kuti sindikufunika. Sabata yachiwiri ana anga anagona ndi njala. Mimba ilibe holide. Anthu awa ananditola ndili pamavuto, ndipo anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti akadzapita kwawo pa Khirisimasi, mwezi wanga udzakhala wathunthu. Ndinawalonjeza. Khanda ili nalonso landizolowera. Kodi nalonso lidzaime pageti?"



Pamenepo Anangozo anamasula khanda lija, nalipereka kwa mayiyo kuti aligwirire. Anawerama, Tawina anakwera yekha. Anamanga mfundo yawo ija, nayamba kuzungulira bwalo pang'onopang'ono, akuimba nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuibwereza. Mphunzitsiyo anaima padzuwa ndi mwana wa eni m'manja, milomo ikutsatira chamumtima, kuopa kuti mawu ena angamugwe panjira. Tawina atagona, anasinthana ana. Mayiyo anatuluka pageti mwana wake asanadzuke.

Madzulo ake anamusowa Tawina m'nyumba. Anakamupeza pansi pa papaya, kakapu kali m'manja, akuthirira. Kholowa anali atauma kalekale, zingwe zake zikuthyoka ngati udzu wa padenga. Madzi ankangolowa m'fumbi. Tawina anapita kukatunga ena.

Inu amene mumasiya mwana wanu m'manja mwa munthu wina, imvani. Masabata amene muli pakhomo, iye sanaleke kukhala wolera mwana wanu. Akudikira inu, ndipo wodikira naye amadya. Mulipireni ngakhale pamene kumsana kwake kulibe kanthu. Simenti mudzagula mwezi wina, sithawa m'sitolo. Koma msana umene mwana wanu anauzolowera ukapita kwina, mudzayenda khomo ndi khomo ndi ndalama m'manja, ndipo simudzaupeza.