Tsiku Limene Penti Anasukuluka Pamsana pa Ng'ombe

Pamalo ena onenepetsera ng'ombe panali lamulo limene ngakhale wosesa ankalidziwa: ng'ombe yobayidwa jakisoni sipita kokaphedwa mwezi usanathe, chifukwa mankhwala amakhala akadali m'thupi, ndipo wodya nyamayo amadya ndi mankhwala omwe. Yobayidwa ankaipaka penti wofiira pamsana, nambala yake ya pakhutu n'kulembedwa m'buku, iyo n'kutsekeredwa m'khola la zodwala.

Kapitawo wa pamalopo, yemwe anzake ankamutcha Kamvuluvulu, sanali munthu woipa ayi, koma kuima sankakudziwa. Ngakhale tiyi ankamwera panjira. Amene ankamutopetsa kwambiri anali a Chete, bambo wachikulire woyendera makola, amene m'mawa uliwonse ankatsamira mpanda n'kumangoyang'ana ng'ombe, osayankhula, osasuntha.

"Kodi bambo, mukuziwerenga nthiti kapena mukuzifunsira mbeta?" anawaseka tsiku lina. "Kuyambira lero muzikatsuka momwera madzi. Kuyang'ana si ntchito."

A Chete anangoti, "Chabwino, akapitawo," n'kukatenga burashi.

Lolemba kunabwera ng'ombe zatsopano, malo n'kuchepa. Kamvuluvulu anatsegula khola la zodwala, n'kuthamangitsira ng'ombe zisanu ndi ziwiri zobayidwa m'khola lalikulu, momwe munali zina mazana atatu. Manambala? "Ndilemba mawa, penti alipo," anadziuza yekha. Mawalo silinafike. Kunafika mvula ya masiku atatu, ng'ombe zinagubuduka m'matope, penti yense n'kuzimiririka.

Lachisanu lole yopita kophera nyama inali itanyamula kale ng'ombe makumi awiri za m'khola lomwelo pamene mayi wina, adokotala a ziweto, anatulukira, buku lili m'manja.

"Akapitawo, zobayidwa zija zili kuti? M'bukumu mulibe nambala ngakhale imodzi."

Kamvuluvulu anayang'ana m'khola muja, misana yokhayokha yamatope, yonse yofanana.

"Mukapanda kundionetsa zisanu ndi ziwirizo," anatero mayiwo, "khola lonseli ndilitseka mwezi wathunthu, abwana mukawafotokozere nokha."

Apa ndiye Kamvuluvulu anadziwa kuti ntchito yamuthera. Komabe khosi linali louma. "Za m'lolezi ndasankha ndekha, amayi, zonenepa zokhazokha. Izi zipite."

"Lole idikire," anatero adokotala.

Ndi pamene a Chete anatsamiritsa burashi pampanda, n'kulowa m'khola. Sanatenge ndodo, sanaimbe mluzu. Anangoima pakati pa ng'ombe mazana atatu, manja kumbuyo, mpaka zinaiwala kuti pali munthu. Dalaivala anazimitsa injini. Antchito anasiya mawilibala n'kudzadza pampanda.

Patapita nthawi ndithu, a Chete anakhudza ina yakuda paphewa. "Iyi. Idakali kupumira pakamwa pang'ono." Anayendanso pang'onopang'ono. "Iyi imadikira zinzake zidye kaye, inayamba itadwala. Iyo ikukana kupindira khosi kumanzere, ndi komwe inabayidwa."

Iliyonse akaitulutsa, adokotala ankaisisita pakhosi n'kupeza kachotupa ka singano, ndipo akapala matope pamsana, kutsinde kwa ubweya kunkaoneka kofiirira. Yachinayi, yachisanu, yachisanu ndi chimodzi, osaphonya olo imodzi! Kamvuluvulu zaka zonsezi ankaona gulu, pamene mkulu ameneyu ankaona ng'ombe iliyonse payokha, ndi chifuwa chake, ndi mantha ake, ndi kadyedwe kake. Anachita mantha, mantha aulemu amene munthu amachita akaona chinthu chomuposa.

Dzuwa litafika paliwombo, a Chete anatuluka m'khola akupukusa mutu.

"Yotsalayo muno mulibe."

"Mwaiphonya, bambo, bwereraninso," anatero Kamvuluvulu, koma mawu ake anali atachepa.

"Ayi, akapitawo. Ndi yofiirira, yothyoka nyanga yakumanja. Imakonda kuima pafupi ndi geti. Ngati munayambira pageti posankha, ndiye ili m'lolemo."

Anatsitsa chitseko cha lole. Inali yachitatu kutsika, yonenepa bwino, ubweya uli see, ng'ombe yoti aliyense akanaigula osafunsa. Adokotala anaigwira pakhosi, n'kutembenuka kuyang'ana kapitawo uja. Kamvuluvulu anakhala pansi pamatope pomwepo. Anaganiza za mapoto onse amene nyama imeneyo ikanalowamo pofika Lamulungu, ndi ana amene akanapatsidwa nthuli yaikulu chifukwa chokondedwa.

Khola silinatsekedwe, koma tsiku lomwelo abwana anamulanda makiyi Kamvuluvulu. Anati akafuna kukhalabe pantchito, ayambirenso pansi, aziyenda pambuyo pa a Chete. Anavomera osawiringula.

M'mawa mwake anatsamira mpanda pambali pa mkuluyo, miyendo ikumuyabwa. Atapirira pang'ono ananong'ona, "Bambo, ine sindikuona kanthu."

"Mwangofika kumene, mwana wanga. Nazonso sizinayambe kukuonetsani."

Kamvuluvulu anaima pomwepo mpaka dzuwa linawotcha. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.