Makina Amene Anakana Kuima

M'fakitale yosoka mayunifolomu munali lamulo losalembedwa pakhoma: munthu akaitanidwa ku ofesi, onse ankaimitsa makina mpaka mlembi wa bungwe la apantchito atalowa naye ngati mboni. Bata limenelo abwana ankaliopa kuposa chipolowe.

Kenako kunabwera dongosolo latsopano. Abwana ankati mabungwe ndi zachikale zochedwetsa ntchito. Aliyense asaine pangano lakelake, ndipo nkhani ikabuka azibwera yekha, akambirane ngati akuluakulu. Pa nthawi yopuma anthu ankakangana mpaka tiyi kuzizira. Ena ankati bungwelo linagona kalekale, ena n'kumati galu ngakhale agone, mbala imayendabe chonyang'ama.

Woyamba kusaina anali mayi wina amene anzake ankamutcha Liwiro, poti ena akamamaliza malaya achisanu, iye amakhala akupinda achisanu ndi chitatu. Mlembi anamuchonderera kuti asasaine, iye anangoseka.

"Achemwali, bungwe langa ndi manja awa. Wofuna mboni ndi waulesi."

Tsiku lina mayi wosita, wamasiye wa ana anayi, anaitanidwa chifukwa chowotcha kolala. Makina onse anati zii, kupatula amodzi. Liwiro anapondabe, mutu uli pansi, ndipo phokoso lake linakafika mu ofesi. Abwana anadziwa kuti khoma lachita mng'alu. Mlembi anabwezedwa pakhomo, wosita uja n'kutuluka ndi kalata yomuchotsa. Sabata isanathe ambiri anasaina, chifukwa cha mantha.

Patatha chaka, dzanja la Liwiro linayamba kuchita dzanzi ndipo msoko wake unkakhota. Anabisa miyezi iwiri, mpaka Lachiwiri lina m'mawa kapitawo anamukodola kuti apite ku ofesi. Akudutsa pakati pa mizere anatchera khutu. Makina onse ankalira. Panalibe wodzutsa mutu, ndipo sakanawaimba mlandu, poti mphunzitsi wawo anali iye mwini.

Mu ofesi anapempha mboni. Abwana anangomusunthira pepala la pangano lija, chala chili pomwe anasaina, n'kumuuza kuti Lachisanu likhala tsiku lake lomaliza.

Sanalire. Masana omwewo anakaima pakati pa anzake akudya, manyazi atawaika pambali. Wina anamunyogodola kuti kodi bungwe la manja lija lathawira kuti. Anavomera, chifukwa zinali zoona.

"Langa lapita, ndipo sindikupempha chisoni," anatero. "Koma apa palibe wa manja achitsulo. Achemwali, tulutsani kaundula, awa alembetsenso ine ndikuona."

Mlembi anatsegula chikwama n'kutulutsa kaundula. Tsikulo analembetsa anayi okha, mawa lake asanu ndi awiri. Liwiro sanapume, ankayenda tebulo ndi tebulo mpaka Lachisanu, pamene anatuluka pageti ntchito ilibe, ali ndi lendi ndi ana zomudikira kunyumba.

Akanangochotsa phazi pa chopondera makina kwa mphindi khumi zokha tsiku la wosita lija, bwenzi ofesi ija atalowamo awiri. Akuluakulu sananame: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.