Tambala Amene Anasunga Sabata

M'zaka zija tinkakhala m'malayini a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, wayilesi imodzi ikukwanira nyumba zisanu, aliyense ankalidziwa khonde la a Lestina, akazi a a Blackson. Lachisanu lililonse m'mawa ankandanditsa pakhondepo mpeni, lichero, simbi ndi botolo la palafini.

A Lestina anali mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo, wamanja achangu pothyola tiyi, koma maganizo awo anali ngati gulugufe. Ankapita kukatunga madzi n'kubwerako ndi nkhuni, ndowa itatsala kumpope. Namwino wina wa kumishoni, a Hazel, anawauza kuti si ulesi kapena matsenga: mitu ina inalengedwa yosakhazikika, ndipo imakumbukira zokhazo zimene maso akuona. Kuyambira pamenepo khonde linasanduka mutu wawo wachiwiri. Mpeni unkatanthauza kupha nkhuku, lichero mpunga, simbi zovala za kutchalitchi, botolo nyale. Akamaliza ntchito, chinthu chake chinkalowa m'nyumba. Khonde likayera, ankadziwa kuti Sabata likhoza kubwera, pakuti kwa a Sevenidee dzuwa la Lachisanu likalowa, moto sukolezedwanso.

Mu 1998 a Blackson anakwezedwa kukhala kapitawo. Anawapatsa wezulo ndi jombo, ndipo kayendedwe kanasintha tsiku lomwelo. Anagula kabati ya loko. Chinatsala n'chimodzi: ukulu wa mpingo. Choncho anaitana abusa oyendera kuti adzadye kwawo Sabata masana, adzaone okha nyumba ya munthu wadongosolo.

Lachisanu lake anabwera kunyumba masana, akazi awo ali kuchigayo. Anaima pakhonde, manja m'chiuno.

"Kodi pano ndi pakhomo pa kapitawo kapena pamsika wa Thekerani?" anadzifunsa mokweza.

A Salome a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Achimwene, zisiyeni zimenezo. Eni ake amadziwa ntchito yake."

"Achemwali, ine ndimayang'anira anthu makumi asanu ndi limodzi. Lichero lingandivute?"

Anatolera zonse, n'kuzitsekera m'kabati, kiyi m'thumba, wezulo pakamwa, ulendo kumunda.

A Lestina pobwera anapeza khonde lili mbee. Anaima pang'ono, mtima ukukayika. Koma kwa zaka zambiri khonde linali lisanawanamizepo, pamene mutu wawo unkawanamiza tsiku ndi tsiku. Anakhulupirira khonde. Anaona duwa lofota pambali pa nyumba n'kuyamba kulithirira, kenako kupalira, kenako kusamutsa maluwa onse, mpaka dzuwa linabisala kuseri kwa mabulugamu.

Banja litakhala pansi kuyimba nyimbo yolandirira Sabata, kuseri kwa khitchini kunamveka kukupiza kwa mapiko. Nyimbo inathera pakati.

"Amayi a Joy, tambala uja ngwamoyo?"

"Mpeni sunali pakhonde, abambo a Joy. Ndimayesa ndapha."

"Munthu ungaiwale kuti sunaphe nkhuku?"

"Ine ndingathe. N'chifukwa chake ndimaika mpeni pakhonde. Unapita kuti?"

A Blackson anagwira thumba lawo, namva kiyi, n'kuyambiranso nyimbo ija ndi mawu otsika.

M'mawa mwake kapitawo anapita kutchalitchi ndi malaya okwinyika ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Masana anawaikira abusa nthochi, mapeyala ndi mbatata yozizira yadzana, pa mbale zatsopano za m'kabati. Ali mkati modya, tambala uja, amene anali atamasula chingwe, anakwera pakhonde loyera bwinolo, nasuzumira pakhomo, n'kulira.

Abusa anamuyang'ana nthawi yaitali. "A Blackson, m'nyumba muno muli chifundo. Ngakhale ndiwo zikupuma pa Sabata."

Ukulu wa mpingo unapita kwa a Yesaya, mlonda wa kufakitale, amene analibe ngakhale kabati.

Lachisanu lotsatira, anthu opita kuntchito mbandakucha anaona kapitawo atawerama pakhonde, jombo kumapazi, akundanditsa yekha mpeni, lichero ndi simbi.

"Botolo mwaiwala, achimwene," anatero a Salome pampanda.

Malayini aja anagwetsedwa kalekale, koma ife otsala tikaona mayi ataika chinthu pamalo odabwitsa, timachilambalala mwaulemu. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe.