Mtovu pa mendulo ya mayi Sabina

Kuseri kwa msika wa Chitakale, pakati pa telala ndi wosoka nsapato, panali kachipinda ka a Filipo, mmisiri wa siliva amene luso lake analitenga ku Quelimane. Munali tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Mpando wachiwiriwo unakhala zaka zisanu wopanda mwini, kufikira m'chaka cha 2009 pamene a Filipo analola Fanuel kukhalapo.

Fanuel sanali mwana. Anali atakhoma ndowa ndi kumata mapoto ku Thuchila zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsiku loyamba lomwe anauza mphunzitsi wakeyo, telala akumva, kuti pa zomata palibe amene angamuphunzitse. A Filipo anangomupatsa waya. Miyezi inayi yathunthu ntchito yake inali kukoka waya wa siliva m'zibowo za chitsulo kuti awonde, kumufewetsa pamoto, kumukulunga pamsomali, n'kudula timphete tonga maso a nkhuku timene tikakolowekana timapanga tcheni. Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo a Filipo ankalibwereza ngati pemphero: siliva amamatidwa ndi siliva mnzake. Mtovu womatira ndowa usaponde pakhomo pano, chifukwa ukakumana ndi siliva pamoto waukali umamudya ngati chiswe.

Lachitatu lina kunabwera mayi Sabina, othyola tiyi pa esiteti ina yakufupi. Anamasula mfundo pansonga ya chitenje natulutsa tcheni chakuda ndi ukalamba, pamodzi ndi mendulo ya Maria imene kamphete kake kopachikira kanali katathyoka. Kuseri kwa menduloyo kunali dzina la mayi awo. Anafotokoza kuti pothawa nkhondo ku Milanje, iwo ali mtsikana, mayi awowo anatsikira kuli chete panjira, ndipo pamene anaikidwa sapadziwa. Tsopano mwana wawo Emma ankakwatiwa Loweruka, ndipo ankafuna kuti akalowe m'tchalitchi menduloyo ili m'khosi.

"Ndikukusiyirani mayi anga, bambo," anatero potsanzika.

M'mawa mwake a Filipo anali ndi tsiku lokayezetsa shuga kuchipatala. Anauza Fanuel kuti awonjezere timphete khumi ndi tisanu patchenicho, kenako amate kamphete pamendulo. Chikamukanika, awadikire.

Timphete tinayenda bwino, moti masana asanakwane tcheni chinali chitagona patebulo chikunyezimira. Koma mendulo inakana. Inali yokhuthala, inkameza moto, ndipo kachidutswa ka siliva womatira kankangodzikulunga ngati dontho la mame pa tsamba la koko osayenderera. Fanuel anayesa katatu. Thukuta linatsikira m'maso. Kudikira kunali kosavuta, koma kunatanthauza kuima pamaso pa a Filipo n'kuvomera kuti katswiri wa ku Thuchila wagonja ndi kamphete kochepera njere ya mpunga. M'chikwama chake munali kandodo ka mtovu kamene ankamatira mapoto a anansi madzulo akaweruka. Anasuzumira kunja, natenthetsa chitsulo pamakala, nakhudzitsa. Mtovu unayenderera ngati mafuta, nugwira kamphete, wina nulowa m'mizere ya zilembo za dzina lija. Fanuel anapala ndi tupa, napukuta mpaka pomatapo panawala. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Lachisanu mayi Sabina analawirira, atasiya ntchito ya tsikulo, nakhala pabenchi pakhomo. Telala naye anabwera kudzaona. A Filipo ananyamula menduloyo naiyang'ana pawindo. Kamphete kanali katapendekera kumanzere, ndipo anati ikavalidwa chonchi idzayang'ana kumbali. Ayenera kuitenthetsanso kuti awongole. Anaiika pa khala lalikulu lomatirapo, natenga chowotchera cha gasi. Kenako anaima, napukuta pomatapo ndi chala chachikulu, nayang'ananso.

"Fanuel, pamenepa wamata ndi chiyani?"

"Ndi siliva, bambo."

"Siliva wathu wa m'kabotoloyu?"

"Eya, bambo."

A Filipo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatsitsa mawu.

"Ngati pali china, mwanawe, nena ndisanayatse. Ndikhoza kupala ndi mpeni pang'onopang'ono. Tsiku likadalipo."

Fanuel anacheukira kukhomo. Anaona mayi Sabina atatambasula khosi pakhomo, anaona telala atatsamira chitseko, yemwe uja anamumva akudzitama. Mumtima anadzinamiza kuti mtovuwo ngwochepa, kuti mwina moto sukhalitsa. Anapukusa mutu kuti palibe.

Lawi linalira. Mendulo inayamba kufiira m'mbali, ndipo Fanuel anagwira m'mphepete mwa tebulo. Akanatha kulankhulabe. Pomatapo panatuluka banga lotuwa, n'kuyamba kuyenda ngati chikanga pakhungu, kutsata mizere ya zilembo. Siliva anachita timatuza, nabooka. A Filipo anachotsa lawi msanga, koma madzi anali atatayika kale. Atainyamula ndi mbaniro, theka la menduloyo linanyenyeka ngati dothi louma.

A Filipo anatseka gasi, naitana mayi Sabina kuti alowe, nauza Fanuel kuti afotokoze yekha chimene anachita. Fanuel anafotokoza, maso ali pansi, ndipo zimene zinamukanika kunena m'mawu atatu anazinena tsopano m'mawu ambirimbiri opanda ntchito.

Mayi Sabina sanalire. Anadikira kuti chotsalacho chizizire, nachitembenuza m'dzanja, nafunafuna zilembo ndi chikhadabo. Panatsala chilembo chimodzi chokha. A Filipo anapepesa, nalonjeza kusula mendulo ina yofanana nayo dzuwa lisanalowe.

"Yatsopano ndikanakagula ku Limbe, bambo," anatero mayiwo mofatsa. "Dzina lija analemba ndi bambo anga, ndi msomali, tsiku la ukwati wawo."

Anatuluka, tcheni chonyezimira chija nachisiya patebulo.

A Filipo anakhala pansi ngati munthu amene wakalamba tsiku limodzi. Atalankhula, sanakweze mawu.

"Za mtovu ndikanakhululuka, wophunzira aliyense amalakwa. Koma ndinakufunsa katatu moto uli m'manja mwanga. Munthu wotero sindingamusiyire katundu wa anthu. Tenga chikwama chako."

Fanuel anadutsa pakati pa msika kulunjika pasiteji ya minibasi za ku Thuchila. Nkhani inali itamutsogolera kale. Amayi ogulitsa nanazi anasiya kuitanira malonda namutsata ndi maso, ndipo wina anafunsa mnzake mosabisa ngati katswiri uja ndi ameneyu. Anathawa kuchita manyazi pamaso pa anthu atatu, nawasenza pamaso pa Chitakale yense, luso litamupulumuka m'manja, ndipo mayi wosalakwa atataya chokhacho chimene nkhondo inamusiyira. Khomo lotulukira linali lotsegula kawiri konse, la kudikira ndi la kuvomera, iye nakana kutulukirapo. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi inafera kuuna.