Buku Lomwe Linakulunga Mandasi

Panali mayi wina wogulitsa mandasi pamsewu, dzina lake Esinati. M'nyumba mwake munkakhala apongozi ake aamuna, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anabwera kuderalo ali mnyamata atayambana ndi abale awo. Za kwawo sankazikamba. Mwana wawo Lufeyo akawafunsa, ankangoti zonse analemba m'buku, adzaziona nthawi ikakwana.

Bukulo linali dikishonale yaikulu, yothothoka chikuto. Kale ana asukulu ankabwera kudzafunsa matanthauzo a mawu. Mafoni atafika, pakhomo panazizira. Mawu amene mkuluyo ankawasaka ndi chala chonyowetsa malovu, mwana ankawapeza pafoni asanakhale n'komwe pansi.

Tsiku lina mapepala okulungira mandasi anatha. Esinati anayang'ana buku lija pawindo, fumbi lili mbuu. Kufunsa apongozi maso ndi maso sakanatha, ulemu sulola. Anafunsa mwamuna wake.

"Ingotengani, mayi a mwana," anatero Lufeyo, maso ali pafoni. "Zonse za m'menemo zili muno."

Esinati anayamba kung'amba chakumapeto kuti mwini wake asazindikire msanga. Masamba akumapetowo anali ndi zolemba za bolopeni, koma iye sukulu analekezera sitandade 3, komanso ogula ankadikira. Mafuta analowa m'mapepala, inki inasungunuka. Anthu anadya, n'kutaya m'ngalande.

Mvula itayamba, apongozi aja anagwa kubafa, pakamwa n'kupotoka. Anagona masiku anayi akungoloza pawindo, mawu osatuluka. Tsiku lachisanu anatsikira kulichete.

Akuluakulu atasonkhana pasiwa, anafunsa kuti uthenga wa maliro upite mudzi uti, kwa yani. Lufeyo anathamangira buku lija. Analipeza litatsala theka. Analemba dzina la bambo ake pafoni, foni n'kumupatsa anthu ambirimbiri a dzina lomwelo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa.

Esinati anali kuseri kwa nyumba, atafunda chitenje kumutu. Ankalikumbukira bwino tsamba lija la mayina ondandalikidwa mpaka pansi. Tsambalo ndi limene anakulungira mandasi awiri a munthu wa kabaza.

Mkuluyo anaikidwa ngati mlendo, popanda m'bale wake woponya dothi m'manda.

Inu anzanga, foni imadziwa zimene dziko lonse likudziwa. Koma zimene akudziwa munthu mmodzi yekha wa m'nyumba mwanu, simudzazipezamo. Pitani mukamufunse lero, pakamwa pake pakadali potsegula.