Bambo Amene Anathawitsa Tambala Wake

Abale anga, zimene ndinene panozi ndi zoona zokhazokha. Ndaima kutsogolo kuno, abusa ali kumbuyo kwangaku akundimva. Mukapezamo bodza, ngakhale laling'ono ngati njere ya mpiru, mundivule jekete ili ndibwerere kwathu ndi malaya okha. Amayi a kumbuyoko, kusekako n'kwa chiyani? Sindinayambe n'komwe.

Panali bambo wina kuseri kwa phiri, woweta nkhuku. Anali nazo ndithu, mathadzi, misoti, anapiye mbwee pabwalo ponse. Koma mtima wake wonse unali pa tambala mmodzi, wofiira ngati moto, wa mchira wokwekwereza pansi. Anamutcha Sajeni. Sajeni akalira m'mawa, malata a mudzi wonse ankanjenjemera, moti kusukulu anasiya kumenya chitsulo choitanira ana. Mphamba akatsika kuti agwire mwanapiye n'kukumana maso ndi Sajeni, ankabwerera m'mwamba chamanyazi.

Tsiku lina, dzuwa la chilimwe lisanayambe kuotcha kwenikweni, panadutsa mayi wina amene alangizi a ziweto anamuphunzitsa kutemera nkhuku. Ntchito yake inali yosavuta: kabotolo m'manja, dontho m'diso la nkhuku, basi yatha.

"Tagwirani nkhuku zanu, bambo, ndizidonthezere chitopa chisanafike," anatero mayiyo.

"M'diso la Sajeni? Mayi, diso limenelo ndi loonera adani. Katemereni nkhuku za anthu aulesi."

Mayi uja anangotseka kabotolo kake n'kupita khomo lina.

Ndiye chitopa chinabwera, monga chimabwerera chaka ndi chaka, osagogoda. Mukuchidziwa inu. Nkhuku imayamba kusinza masanasana, mapiko n'kugwa ngati yavala jekete ya malemu agogo ake, chitosi chobiriwira, kupuma kwa mluzu. Bambo uja anasinja tsabola n'kuthira m'madzi. Anathira phulusa. Anatsegula makapusozi amene anatsala pamene mkazi wake ankadwala dzino. Nkhuku zinkangogwa, lero iyi, mawa iyo.

Anathamangira kwa mayi wa katemera uja, thukuta lili kamukamu.

"Mwachedwa, bambo. Katemera sachiza nkhuku yodwala kale," anatero mayiyo. "Zakufazo kwirirani mozama. Zotsalazo tsekerani, muzizipatsa madzi ndi chakudya momwemo. Koma chonde, isatuluke pakhomo panu ngakhale imodzi."

Apa ndiye panali pamphambano. Akanatha kutsekera Sajeni, kuvomera kuti matenda ali pakhomo pake, n'kupirira nawo pomwepo. Ndipo atafika kunyumba, Sajeni anayetsemula, tsi! Bambo uja anamva ndi makutu ake awiri.

"Ndi fumbi limeneli," anatero. "Mudzi uno waola. Ndimuchotse mwana wanga asanatenge matenda a nkhuku za eni."

Ha! Abale, ine anthu otere amandidwalitsa mutu. Anatenga dengu, Sajeni momwemo, chiguduli pamwamba, n'kumanga pakaliyala ya njinga ndi zingwe za mphira. Ulendo wa kwa mlongo wake, kutsidya kwa mtsinje, kumene chitopa chinali chisanaponde. Mlongoyo ankasunga nkhuku zake mosamala, kudikira chinkhoswe cha mwana wake wamkazi.

"Mlongo, tandisungirako Sajeni. Kwathu kwaipa."

"Koma ali bwinobwino, achimwene? Akuoneka ngati akusinza."

"Watopa ndi mabampu. Iwe utakwera m'dengu sungasinze?"

Sajeni anatsika, anamwa madzi m'phale limene zinkamwera nkhuku zonse, anayendera mathadzi onse mmodzimmodzi monga mlendo waulemu. Sipanapite nthawi, uthenga unafika kwa bambo uja kuti nkhuku za mlongo wake zavala majekete. Anapalasa njinga ngati wamisala. Anapeza mlongo wake ali ndi khasu kuseri kwa nyumba, akukwirira ndiwo za chinkhoswe, misozi ili mbwembwembwe.

Mukuganiza kuti anapepesa? Mukumudziwa molakwika.

"Iwenso mlongo, pakhomo pano ukhondo palibe! Ukanandiphera Sajeni!"

Dengu pakaliyala, ulendo wa kwa apongozi ake aakazi. Anatsika njinga patali, chipewa m'manja, ananjuta poteropo n'kupempha malo a tambala, maso ali pansi. Apongozi anamuona Sajeni kuti diso lake latuwa. Koma mpongozi angamukanize mkamwini pamaso? Anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti, "Musiyeni, bambo, alowe."

Analowadi. Nkhuku za apongozi zinatha psiti. Chitopa chinakwera mpaka m'khola la nkhunda. Apongozi sanatume mawu aukali, sanalankhule n'komwe. Bambo uja atabwera anangopeza dengu lake laikidwa panjira, kunja kwa mpanda, Sajeni ali kale m'kati, chitseko cha nyumba chili chotseka. Amene munakwatira mukudziwa kuti kulankhula kumeneko n'kopweteka kuposa ndodo.

Apa bambo uja anapsa mtima zenizeni.

"Kodi chitopachi chandiona chiyani ine? Ndipite uku, chafika. Ndipite uko, chafika. Alipo amene akuchituma!"

Anaganiza zochisokoneza. Anasiya msewu n'kudzera m'tinjira ta m'munda. Anawoloka mtsinje njinga ili paphewa kuti chitopa chitaye fungo. Pena ankaima mwadzidzidzi n'kucheuka kuti achigwire chikumulondola, koma kumbuyo kunali mbee, fumbi lokha. Pachitunda china miyendo itamuthera, Sajeni anatuluka m'dengu n'kumuthandiza kupalasa mpaka pamwamba, n'kubwereranso m'dengu yekha.

Ankapita kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Koma mbiri ilibe dengu lolemera, inafika kale. Anapeza mlamuyo ataima pakati pa njira, mpini wa khasu uli m'manja.

"Imani pomwepo, alamu."

"Alamu, ndikuthawa chitopa. Chikundisaka ngati ndinachidyera mbuzi."

"Kwa mlongo wanu chinafika inu musanafike, kapena mutafika?"

"Nditafika."

"Kwa amayi?"

Bambo uja anangoyang'ana dengu lili pakaliyala.

"Alamu, chitopa chilibe njinga. Njinga ndi yanuyi. Tavundukulani dengulo."

Bambo uja anamasula mphira n'kuchotsa chiguduli. Pansi pa dengu panali chitosi chobiriwira. Sajeni anali moyo, inde, pakuti anali wamphamvu, matenda anangomudya pang'onopang'ono ulendo wonsewo. Koma khosi linali litapindika, mutu utazondoka, mlomo kuloza kumwamba, maso kuyang'ana kumbuyo kumene anachokera. Atamuika pansi anangozungulirazungulira pamalo amodzi. Anayesa kulira, kunangotuluka kamawu ngati chitseko cha dzimbiri.

Bambo uja anabwerera kwawo akukankha njinga. Pabwalo pake panali zii, kwa mlongo wake zii, kwa apongozi zii. Sajeni anakhalabe zaka, khosi lili chipindikire, wamkulu wa asilikali wopanda msilikali ndi mmodzi yemwe. Kusukulu anayambiranso kumenya chitsulo. Ku chinkhoswe chija anthu anadyera nyemba, ndipo bambo uja sanaitanidwe.

Tsopano ndimvereni, pakuti apa ndi pamene pakundiwawa ine. Alipo ena muno, sinditchula maina, maso anga ali kudenga. Anachoka kukwaya, ati kuli miseche. Analowa ku chigwirizano, sipanapite nthawi nakonso kwabuka miseche. Anasiya mpingo wa kumtunda, ati kulibe chikondi. Anapita wa kumunsi, chikondi chinathawanso. Banja loyamba, mkazi wolongolola. Lachiwiri, wolongolola. Lachitatu, mwangozi, wolongololanso. Lero ali pakati pathu pano, ayamba kale kununkhiza kuti mpingo uno waola. Bambo, mayi, kodi mikanganoyo imafika inu musanafike, kapena mutafika?

Tanthauzo lake ndi ili. Tchimo lokondedwa, lija timalitcha dzina lokongola, lija timati ndi mmene ndinabadwira, silitha ndi kusamuka. Timalimanga tokha pakaliyala, n'kukalimwetsa m'phale la abale athu osalakwa. Siyani kucheuka kufunafuna wokulondolani. Imikani njinga, vundukulani dengu, muvomere kuti odwala ndinu. Khalani pamene mulipo, Ambuye akuchizeni pomwepo. Iwo sali ngati mayi wa kabotolo uja, amachiza ndi wodwala kale yemwe, bola abwere khosi lisanapindike.

Tiyeni tiimirire tiimbe. Koma zija zoti Sajeni anapalasa njinga pachitunda ndangothirako mchere, miyendo yake sinkafika pa mapedulo. Jeketeli mundisiyire, ndi lobwereka.