Njinga ya Finye ndi Thumba la Mbewu

Kalekale, misewu isanadziwe phula, nyama zinkayenda pa njinga. Ee, pa njinga. Amene akutsutsa atuluke akanyowe panjapo, enafe tipitirize.

Panali Finye, kachule kaja kamatupa mukakagunda ndi kamtengo. Finye anali ndi njinga yomusiyira malume ake: chishalo chong'ambika, tcheni cholira, mabuleki kunalibe. Pampu anali iye mwini. Tayala likaphwa ankangomeza mpweya, n'kutupa, n'kuuzira, fuuu! tayala gwa. Musandifunse kuti timiyendo take tinkafika bwanji pa mapedulo. Tinkafika.

Chaka chimenecho makoswe anamudyera mbewu yonse ya mtedza. Mizere anali ataunda kale, mitambo yayamba kusonkhana, koma chobzala analibe. Ndiye anapalasa ulendo wautali kupita kwa mlongo wake, ndipo mlongoyo anamupatsa thumba limodzi la mtedza woswa kale.

"Achimwene, wina ndilibe," anatero mlongoyo. "Uwu ndi wobzala, si wokazinga. Ukakupulumukani uwu, chaka chino ana anu anyambita zala zopanda kanthu."

Finye anamanga thumba pakaliyala ndi malegeni, n'kuvundikira masamba a nthochi, n'kuuyamba wobwerera. Njira yake inali yotere: mchenga, phiri, potsetsereka, makande, mtsinje, kenako kwawo.

Poyambira mchenga anapeza Nguluwe atagona pamthunzi, chimimba chili phwathalala.

"Iwe Finye, m'thumbamo muli chiyani?"

"Mbewu, achimwene."

Nguluwe ananunkhiza, malovu chuu. "Njira ino muli achifwamba, mphwanga. Ndikuperekeza."

Achifwamba ake anali iyeyo. Koma ungamukanize bwanji munthu amene dzino lake limodzi likuposa iwe wense?

"Lamulo la ulendo ndi ili," anatero Nguluwe. "Pabwino ndipalasa ine, poipa ukankha iwe. Tikapuma, ndilawa."

Mumchenga matayala anatitimira. Finye anaphwetsako mpweya kuti asazame, n'kumakankha, thukuta kamukamu. Nguluwe ankangobwera pambuyo akuimba mluzu. Asanapite patali, "Tapuma!" Dzanja m'thumba, kukutu kukutu. Mchenga utatha Finye anapopa matayala, Nguluwe anakwera, masipoko akulira. Pang'ono pokha, "Tapuma!" Kukutu kukutu.

M'munsi mwa phiri anakumana ndi Nkhwali akukankha njinga ya makala. Pa njira zazitali pali mwambo, ana inu: ukakumana ndi wochokera kumene ukupita, umatsika, umapereka moni, n'kufunsa za njira. Si zomangodutsana ngati ambuzi mukuchita masiku anozi.

"Kumene mwachokerako kuli bwanji, mayi?" anafunsa Finye.

"Phiri ndi miyala yokhayokha, mukankha," anayankha Nkhwali. "Potsetsereka mumange nthambi kumbuyo, apo ayi mukagumuka mano. Makande akadali ouma, koma mitambo ili kumapiriko sindikuikhulupirira. Mtsinje uli m'akakolo. Koma mukuudziwa: mvula ikagwa kumtunda madzi amachedwa kufika, ndipo akamafika amabwera onse pamodzi."

Finye anamva zonse. Nguluwe anangomva mano ake akukukuta mtedza.

Anakwera phiri, Finye akukankha, Nguluwe akupuma. Atafika pamwamba, Finye anasuzumira m'thumba. Mayo! Mtedza unali utafika pakati. Mtima unamuwawa, misozi inalengeza. Anaganiza za mizere yake ili yosabzala, anaganiza za ana. Akangopuma kanayi kena, basi, chaka chapita.

Kenako ananena mwaulemu, "Achimwene, mukudzilanga nokha. Mtedza wauwisi ndi chakudya ngati? Mayi a kunyumba amaukazinga ndi mchere, n'kuwaza tsabola pang'ono. Fungo lake agalu a kutsidya amalira."

Nguluwe anasiya kutafuna. "Thumba lonse?"

"Lonse lotsalali. Koma mukamalizira m'njira, akakazinga chiyani?"

"Manga msanga! Wina asakhudzenso thumbali."

Anathyola nthambi ya masamba ambiri, n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga. Ndiwo anali mabuleki a nthawi imeneyo, ndipo ndikuona akuluakulu ena pano akuyang'ana pansi, chifukwa mpaka lero ndi omwewo. Nguluwe pachishalo, Finye pathumba, nthambi pambuyo khwaa, khwaa, mpaka pansi.

Atangoponda makande, mvula ija waaa! Amene sanayendepo pa makande onyowa asayankhule. Dothi lakuda lija limamata tayala, lina limamata pa linzake, mpaka gudumu kukana kuzungulira. Njinga inaima nji. Nguluwe ananyowa chonyowa, chimfine chinamugwira pomwepo, mphuno tseke.

Finye anatsika. "Lamulo lanu lija, achimwene. Poipa ndikankha ine." Anakankha, njinga osasuntha. Anakankhanso, n'kuterereka chagada. "Musadandaule, tifika. Mwina mawa, mwina mkuja."

"Mkuja?" anakuwa Nguluwe. "Ine ndidye mkuja? Choka apa! Kwera pakaliyala uzindiuza njira. Ndipo chinthambichi masula."

"Chisiyeni, kutsogoloku kulinso potsetsereka."

Nguluwe anagwira mahandulo n'kumakankha, akuyetsemula. Matope analemetsa njinga kuposa thumba lenilenilo. Anadutsa makande, anaoloka mtsinje madzi ali m'mawondo, n'kukwera kutsidya. Mvula inakata, ndipo chifunga chinatsika kuchokera kuphiri, choti ukatambasula dzanja suliona.

Nyumba ya Finye inali pomwepo, poti ukaitana amayankha. Koma Finye anati, "Khotani kumanja, achimwene." Kumanja kunali kumunda.

Atafikako anati, "Kanjira ka kwathu ndi kokwera pang'ono. Inu yendani pamwamba pakepo, njinga iziyenda m'munsimu."

Nguluwe anakwera pamzere. Dothi linali lofewa. Chiboda chikaponda, dzenje. Finye anaboola thumba pakona, n'kumaponya mtedza m'dzenjemo. Nthambi pambuyo, khwaa, kukwirira. Chiboda dzenje, Finye mtedza, nthambi khwaa. Chiboda dzenje, Finye mtedza, nthambi khwaa. Wokankhayo sakanamva fungo, mphuno zinali zotseka. Sakanamvanso kuti thumba likupepuka, matope anali atalowa m'malo.

Mzere unatha. "Khotani, achimwene."

Mzere wina unatha. "Khotaninso."

"Iwe, kodi njira ya kwanu imangobwerera?"

"Ndi mmene anailambulira makolo, achimwene. Ife tinangoipeza."

"Makolo ako anali oledzera!"

"Ambiri amatero."

Chiboda dzenje, Finye mtedza, nthambi khwaa. Nguluwe anatopa zedi, koma akakumbukira mchere ndi tsabola ankalimbikira. Finye maso anali kumwamba, kuopa kuti chifunga chingachoke msanga. Mtedza wotsiriza utalowa m'dothi, anati, "Tafika, khotani kumanzere."

Anaima pakhomo. Nguluwe anagwetsa njinga, n'kuthamangira thumba. Linali lopanda kanthu, lili lende ngati sokosi.

"Mtedza wanga uli kuti?"

Wanga, akutero! Mwamumva?

Finye anagwira kumutu, n'kuloza chibowo chija. "Kalanga ine! Ndinamva ndithu kuti kwee, potsetsereka paja, kutsidya. Chitsa chinang'amba thumba. Mtedza wonse uli mbwee m'njira, ndipo mayi Nkhwali akamabwerera atola ndi ana awo."

"Nkhwali? Mtedza wanga?"

Nguluwe sanatsanzike. Analiyatsa liwiro, mphuno pansi, n'kulowa mumtsinje madzi ali m'mimba tsopano. Atangoponda kutsidya, kumtunda kunamveka guuu! Madzi aja anachedwa, koma anafika onse pamodzi, atanyamula zitsa ndi mitengo. Doko linatsekeka.

Chifunga chinayamba kuchoka. Nguluwe atacheuka anaona nyumba ya Finye, anaona munda, anaonanso mkwasa wa tayala ukupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, mzere uliwonse. Anamvetsa zonse.

"Finyeee! Ndikupha!"

"Mukuti bwanji, achimwene? Madzi akusokosa!" anayankha Finye. "Zikomo potiperekeza! Wina akakufunsani za njira, mumuuze kuti mtsinje wadzaza!"

Mtsinjewo sunaphwe dzinja lonse. Pamene unkaphwa, mtedza unali uli m'nkhokwe, ndipo Finye anali atabweza thumba lodzaza kwa mlongo wake. Theka la munda lomwe mbewu sinakwane anabzalamo mbatata.

N'chifukwa chake mpaka lero nguluwe imayenda mphuno pansi, ikufukula minda ya eni, kufunafuna mtedza womwe imati ndi wake. Naye finye mukamugunda amatupa. Ena amati wakwiya. Ayi, akuganiza kuti mwabwera ndi tayala lakuphwa.

Nthano yanga yaphwa mpweya pomwepa, wofuna ina apope yekha. Koma inu okonda kuperekeza katundu wa eni, mukakumana ndi munthu m'njira muzisiya kaye kutafuna. Ndipo mukaona njira ikungobwerera, mwini katundu ali phee pakaliyala, muziyang'ana pansi. Mwina mukumulimira.